Ngati, Apo Ayi: Malamulo a Banki M'khonde Akalowa mu Kompyuta

Disembala akayandikira, mlembi wa banki m'khonde sagona tulo tabwino. Ku Nsaru, ku Kabudula, ku Nambuma ndi m'midzi yozungulira Namitete, imeneyi ndi nyengo yomwe magulu ambiri amatseka mabuku n'kugawana ndalama, kuti anthu athamangire feteleza mvula isanakhazikike. Mlembi amakhala pamphasa ndi buku lachikuto cholimba, bolopeni ili kukamwa, foni yasanduka kakyuleta. Mamembala alipo 25, ndipo aliyense ali ndi masheya ake a miyezi 12, ngongole zake, chiwongoladzanja ndi zindapusa za masiku amene anachedwa kumsonkhano. Nambala imodzi ikalakwika patsamba lachitatu, zonse za kutsogolo zimapotoka, ndipo tsiku logawana pamakhala mawu.

Mutu umenewu sunayambe kuwawa ku Kabudula. M'chaka cha 1978, Dan Bricklin akuphunzira zamalonda ku Harvard ku America, ankaona aphunzitsi akudzaza bolodi ndi manambala. Imodzi ikasintha, ankafufuta n'kuwerengeranso zonse zotsamira pa nambalayo. Iye ndi mnzake Bob Frankston anapanga pulogalamu ya VisiCalc, yomwe inatuluka mu 1979 pa kompyuta ya Apple II, ndipo ntchito yake inali yomweyo: kusintha nambala imodzi, zinazo n'kudzikonza zokha. Pambuyo pake panabwera Lotus 1-2-3 mu 1983, Microsoft Excel mu 1985 ndi Google Sheets mu 2006. Palinso LibreOffice Calc, yomwe ndi yaulere ndipo ikangolowa mu kompyuta sifuna intaneti. Mapulogalamu onsewa dzina lawo ndi spreadsheet, koma kuno anthu amangoti Excel, monga momwe mankhwala aliwonse otsukira mano amatchedwa Colgate.

Munthu akatsegula pulogalamuyi koyamba amaona timabokosi tokhatokha, ngati pepala la masamu la ku pulayimale. Mizere yotsika ili ndi zilembo pamwamba, A, B, C mpaka kutali, ndipo mizere yopingasa ili ndi manambala cha kumanzere. Kabokosi kalikonse kamatenga dzina pamene mizere iwiriyi yakumana. B2 ndi kabokosi ka mzere wotsika B pa mzere wopingasa wachiwiri. Amene wamvetsa zimenezi wadutsa kale pakhomo.

Mlembi uja akhoza kuika mitu pa mzere woyamba, mayina a mamembala mu A kuyambira A2 mpaka A26, ndalama zomwe aliyense wasunga mu B, ngongole yomwe akupempha mu C, ndi chiwerengero cha masheya mu D. Mpaka pamenepa palibe chosiyana ndi buku. Kusiyana kumayamba ndi chizindikiro cha =. Chilichonse choyamba ndi chizindikirochi kompyuta imachitenga ngati lamulo loti iwerengere, ndipo lamulo lotere limatchedwa fomula. Akalemba =SUM(B2:B26) mu kabokosi ka pansi, ndalama zonse za anthu 25 zimaphatikizidwa nthawi yomweyo. Mayi wina akabwera ndi kabuku kake kusonyeza kuti mu Julayi anagula masheya asanu osati atatu, mlembi amangokonza kabokosi kamodzi, yankho la pansi n'kusintha lokha. Apa oyamba kumene ambiri amagwa m'mbuna imodzi: amawerengera pa foni n'kulemba yankho mu kompyuta. Zikatero kompyuta yangokhala buku lodula.

Masamu a tsiku logawana ndi odziwika kuyambira pamene bungwe la CARE linayambitsa magulu amtunduwu ku Niger mu 1991. Ndalama zonse za m'bokosi zimagawidwa ndi masheya onse kuti mtengo wa sheya imodzi udziwike, kenako aliyense amalandira molingana ndi masheya ake. Mwachitsanzo, m'bokosi mukapezeka K2,600,000 pomwe masheya onse ndi 2,000, sheya imodzi yafika pa K1,300, ndipo wa masheya 90 atenga K117,000. Mtengo wa sheyawo ukakhala mu kabokosi ka F1, gawo la membala woyamba ndi =D2*$F$1. Fomulayi salemba ka 25. Amagwira kakona ka kabokosi n'kukokera pansi, D2 n'kumasanduka D3, D4 mpaka D26.

Nanga zizindikiro za dola zikutani pa nkhani ya makwacha? Sizikunena za ndalama ya ku America ayi. Ntchito yake ndi kukhomerera F1 kuti asasunthe pokoka. Zikaiwalika, F1 nayenso amatsetsereka kupita pa F2 ndi F3 pomwe palibe kanthu, ndiye membala woyamba yekha amalandira gawo lake, ena 24 n'kuona ziro. Kukhomerera mtengo pamalo amodzi kumathandizanso wa golosale pa Msundwe. Pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene mitengo yake yonse inkachokera pa kabokosi kamodzi anali ndi nambala imodzi yoti asinthe, pamene mnzake wa buku anali ndi masamba oti afufute.

Kuphatikiza ndi kuchulukitsa kakyuleta imathanso. Chomwe kakyuleta singathe ndi kugamula, ndipo apa ndi pamene pamalowa fomula yotchedwa IF, liwu lachingerezi lotanthauza kuti ngati.

Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa banki m'khonde anamvapo IF akuyankhulidwa pakamwa. Wapampando amati ngati ngongole yomwe munthu akupempha siikuposa katatu ndalama zomwe wasunga, alandire, apo ayi achepetse. Chiganizochi chili ndi miyendo itatu ngati mafuwa: funso, chochita yankho likakhala inde, ndi chochita likakhala ayi. Kompyuta imafuna miyendo yomweyo, mu ndondomeko yomweyo, yolekanitsidwa ndi makoma:

=IF(C2<=B2*3,"Alandire","Achepetse")

Chizindikiro cha < chikutanthauza kuchepera, cha > kuposa, ndipo chilichonse mwa izi chikatsatidwa ndi = ndiye kuti kufanana nakonso kwaloledwa. Mawu oti aoneke pa tsamba amakhala pakati pa timikwingwirima tiwiri, ndipo kompyuta ilibe nazo ntchito kuti ndi Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka. Makompyuta ena, malinga ndi momwe anatcheredwa, amafuna chizindikiro cha ; pamalo pa koma, choncho fomula yolondola ikakanidwa ndi bwino kuyamba kuona pamenepo.

Tsono taonani pomwe pagona nkhani. Bambo wasunga K40,000 ndipo akupempha K120,000 ndendende. Ndi <= kompyuta iti alandire. Mlembi akaiwala kachizindikiro ka = n'kulemba < yekha, bamboyo akanidwa, ngakhale sanaphwanye lamulo lililonse. Pamsonkhano wapamphasa zotere zimatha ndi kukambirana, wina n'kunena kuti mpatseni, ndi mnzathu. Fomula siidziwa mnzake. Imakakamiza gulu kuti ligwirizane kaye ngati malire enieniwo ali mkati kapena kunja, funso lomwe malamulo ambiri olembedwa pamanja salifunsa n'komwe. Kwa wolemba nkhani ino, phindu lalikulu la IF lili pamenepa, kuposa liwiro lomwe anthu amatamanda.

Yankho la IF silikhala mawu okhaokha. Likhoza kukhala masamu. Ngati gulu linapangana kuti ngongole yotsala ikadutsa tsiku lake iwonjezeredwe 10 peresenti, ndipo yotsalayo ili mu E, fomula ya =IF(E2>0,E2*10%,0) ilipiritsa okhawo amene ali ndi ngongole, ena onse n'kuwalembera ziro.

Moyo suli wa inde ndi ayi basi, ndipo chitsanzo chabwino cha mayankho atatu chili kusikelo ya ana. Alangizi a zaumoyo m'midzi yotumiza odwala ku chipatala cha Kabudula, kapena ku St Gabriel's ku Namitete komwe masisitere a ku Luxembourg anayambitsa mu 1959, amayeza mkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka 59 ndi katepi ka mitundu itatu. Mkono ukachepera masentimita 11.5 tepi imaonetsa kufiira, kutanthauza kunyentchera kwambiri kofuna chiponde ndi chithandizo chamsanga. Kuyambira 11.5 koma osafika 12.5 ndi chikasu. Kuyambira 12.5 kupita m'mwamba ndi kubiriwira. Kuti mayankho atatu akwane, IF wachiwiri amalowa pa mwendo wachitatu wa IF woyamba, muyezo wa mkono uli mu B:

=IF(B2<11.5,"Kufiira",IF(B2<12.5,"Chikasu","Kubiriwira"))

Kompyuta imawerenga kuchokera kumanzere ndipo ikapeza inde woyamba imaima pomwepo. Ndiye chifukwa chake ndondomeko ya mafunso ndi nkhani yaikulu. Wina akayamba ndi funso la 12.5, mwana wa masentimita 10.8 ayankha inde pa funso loyambalo n'kulembedwa chikasu, ndipo pa tsamba lonse sipapezeka wofiira ngakhale mmodzi. Lipoti lioneka lokongola, ana akudwala.

Pali misampha ina iwiri yomwe aphunzitsi a kompyuta ambiri satchula. Woyamba ndi kabokosi kopanda kanthu. Excel amakatenga ngati ziro, ndipo poti ziro ndi yochepera 11.5, mwana amene mayi ake sanabwere naye kusikelo alembedwa wofiira. Mankhwala ake ndi kuyamba ndi funso lina kutsogolo, loti IF(B2="","Sanayezedwe", kenako mafunso ena aja n'kutsatira. Wachiwiri ndi woopsa kuposa pamenepo. Wolemba akaika 11cm m'malo mwa 11 yekha, kompyuta siionanso nambala koma mawu, ndipo kwa Excel mawu aliwonse ndi aakulu kuposa nambala iliyonse. Mafunso onse awiri ayankhidwa ayi, mwana wonyentchera uja n'kutuluka wobiriwira popanda chenjezo lililonse. Choncho mawu oti masentimita, makilogalamu kapena makwacha malo ake ndi pamutu pa mzere, m'timabokosi mukhale manambala okhaokha.

Azaumoyo amadziwanso kuti mwana wotupa mapazi onse awiri ali pangozi ngakhale mkono wake utakhala waukulu bwanji. Apa mpamene OR amagwira ntchito, liwu loti kapena, yankho la kutupa mapazi lili mu C: =IF(OR(B2<11.5,C2="Inde"),"Atumizidwe","Apitirize sikelo"). Chimodzi mwa ziwirizi chikakhala choona, mwana atumizidwa. Malipoti a Unduna wa Zaumoyo amalowa mu dongosolo lake lotchedwa DHIS2, ndipo tsamba lotere sililowa m'malo mwake, komanso sililowa m'malo mwa maso a namwino. Limangothandiza wosonkhanitsa manambala kuona msanga mayina ofunika kuwalondola.

Asaganize wina kuti zolakwika zoterezi ndi za ophunzira kumene. Mu Okutobala 2020 akuluakulu a zaumoyo ku England anavomera kuti anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19 sanalowe m'malipoti pa nthawi yake, chifukwa zotsatira zinkasungidwa mu mtundu wakale wa fayilo ya Excel womwe umathera pa mizere 65,536. Mtundu watsopano umafika mizere 1,048,576. Zodutsa malire zinkangotayika mwakachetechete.

Mnzake wa OR ndi AND, yemwe amafuna kuti zonse zikwaniritsidwe, ndipo kwawo ndi ku sukulu. Pa mayeso a MSCE, bungwe la MANEB limapereka 1 ndi 2 kwa wopambana kwambiri, 3 mpaka 6 ngati kirediti, 7 ndi 8 kwa wongokhoza, ndi 9 kwa wolephera. Njira yodziwika kwambiri yopezera satifiketi ndi kukhoza maphunziro 6, Chingerezi chili pomwepo, ndipo limodzi mwa iwo likhale kirediti. Mphunzitsi wa fomu 4 ku Namitete Secondary kapena pa CDSS ya kumudzi, atanyamula zotsatira za mayeso a moko, angafune kudziwa kuti ndani akanatenga satifiketi mayesowo akanakhala enieni. Zofunika ndi zitatu, ndipo ziwiri mwa izo zikufuna kuwerenga timabokosi. Imeneyi ndi ntchito ya COUNTIF, yomwe imawerenga tokhato takwaniritsa lamulo. Chingerezi chikakhala mu C ndipo maphunziro onse akuyambira C kulekeza J, fomula ikhala yotere:

=IF(AND(C2<=8,COUNTIF(C2:J2,"<=8")>=6,COUNTIF(C2:J2,"<=6")>=1),"Satifiketi","Ayi")

Ikuoneka yoopsa, koma ndi chiganizo chomwe mphunzitsi wamkulu amanena pa asembule, changovala zizindikiro. Chosokoneza n'chakuti pa MSCE nambala yaing'ono ndiyo yabwino, choncho dzanja lozolowera kuti kukhoza ndi kuposa 50 limathamangira kulemba > pamalo pa <, kalasi yonse n'kutembenuzika, anzeru kukhala olephera. Njira yodzitetezera ndi yakale: kuyesa fomula pa ana atatu kapena anayi omwe yankho lawo likudziwika kale, makamaka amene ali pamalire, monga wa 8 pa Chingerezi kapena wokhoza maphunziro 6 ndendende. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dera lino ndi la mtedza, soya, chimanga ndi fodya, ndipo malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze ali pa msewu wa ku Mchinji. Kopaletivi ya alimi a ku Mpingu ikamasonkhanitsa mbewu, mlembi amalemba mzere umodzi pa mlimi aliyense: dzina, komwe wachokera, mtundu wa mbewu, makilogalamu. Pakutha pa sabata mizere yafika 200, ndipo wogula wa ku Lilongwe akufunsa kuti mtedza wa CG7 ulipo wochuluka bwanji posawerengera Chalimbana. SUMIF imayankha: =SUMIF(C2:C200,"CG7",D2:D200). Imayang'ana mu C, ndipo paliponse yapeza CG7 imatenga makilogalamu a mu D n'kuphatikiza. Pa chimanga, chomwe chimafunika kuuma mpaka chinyezi chitsike kufika cha m'ma 13 peresenti chisanasungidwe, IF wamba akwanira kulemba kuti "Landirani" kapena "Akayanikenso".

Koma apa Chichewa chenicheni chimaika mwala panjira. Malo amodzi omwewo ena amalemba Nsaru, ena Nsalu. Ena Msundwe, ena Nsundwe. Munthu akawerenga amadziwa kuti ndi kumodzi, pakuti l ndi r sitikangana nazo poyankhula. Kompyuta imaona malo awiri osiyana, ndipo SUMIF yofunsa za Nsaru isiya matumba onse olembedwa Nsalu, osanena kanthu. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono sizivuta, nsaru ndi NSARU imazitenga chimodzimodzi, koma kampata kamodzi kosaoneka kumapeto kwa liwu kakwanira kutaya matumba a mlimi. Excel ndi Google Sheets zili ndi njira yotchedwa Data Validation, yomwe imapanga kamndandanda koti wolemba azingosankhapo dzina m'malo molemba yekha. Mphindi zisanu zokonza kamndandandako zimapulumutsa madzulo athunthu ofufuza komwe kwalowa makilogalamu 300.

Manambala a foni nawo ali ndi yawo. Nambala za TNM zoyamba ndi 088 ndi za Airtel zoyamba ndi 099 zikalembedwa mu kabokosi wamba, ziro woyamba amazimiririka, chifukwa pa masamu ziro wa kutsogolo alibe ntchito. Mndandanda wolipirira alimi pa Mpamba kapena Airtel Money ukhoza kuwonongeka wonse motero. Kuyamba ndi kachizindikiro ka ' nambala isanalembedwe, kapena kuutchera mzere wonsewo kuti ukhale Text, kumamusunga ziroyo.

Funso lomwe wowerenga wa ku Nambuma ali nalo ndi lomveka: kompyuta yake iti, magetsi ake ati? Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.6 miliyoni m'boma la Lilongwe kunja kwa mzinda, ndipo m'midzi yambiri nyale ndi tochi kapena kasola. Komabe Excel, Google Sheets ndi WPS Office zonse zilipo za pa foni ya Android, ndipo fomula zomwe zalembedwa munkhani ino zimagwira chimodzimodzi, kungoti zala zimavutika pa kagalasi kakang'ono. Bandulo imafunika potsitsa pulogalamu, koma tsamba losungidwa mu foni momwemo limatseguka popanda intaneti. Laputopu ya mphunzitsi, ya mlangizi wa zaulimi kapena ya pa parishi imathanso kubwerekedwa madzulo amodzi, pepala n'kukasindikizidwa pa sitolo ya fotokope pa tawuni. Chofunika kusamala ndi komwe fayiloyo ikupita. Mndandanda wa ngongole za anthu kapena mayina a ana odwala si zoponya pa gulu la WhatsApp, ndipo fayilo yotsala pa kompyuta ya pa fotokope aliyense akhoza kuitsegula.

Buku lachikuto cholimba lija lisatayidwe. Limakhala m'bokosi la maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo kabuku ka membala aliyense kali ndi zidindo zomwe mwini wake anaziona zikudindidwa. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo nambala ya mu kabokosi imasinthika osasiya chipsera chomwe labala amasiya papepala. Magulu amene angayese njirayi achita bwino kuwerenga mokweza zomwe kompyuta yatulutsa, dzina ndi dzina, aliyense akuyang'ana m'kabuku kake.

Tsiku logawanalo patsala kanthu kamodzi komwe chitsanzo chija chinabisa. Masamu enieni satuluka bwino ngati K1,300. Sheya imatha kugwa pa K1,312.47, ndipo wa masheya 90 n'kuyenera K118,122.30, ndalama yomwe msungichuma sangaiwerenge ndi mapepala omwe ali m'bokosi. Fomula ya =ROUNDDOWN(D2*$F$1,-2) imatsitsa gawo la aliyense kufika pa K100 yathunthu, choncho membalayo alandira K118,100. Timakwacha todulidwa kwa anthu 25 timaoneka mu kabokosi kena, pochotsa zonse zogawidwa pa ndalama za m'bokosi, ndipo sitingapose K2,500. Kaya tilowa m'thumba la zadzidzidzi, kaya tiyambira chaka chatsopano, kaya tigula Sobo wa tsikulo, zimenezo wapampando amafunsa mamembala ndalama zisanayalidwe pamphasa.